Kudzuka ndi Beseni M'manja

Ndinathyoka mwendo pa mpopi wa kuseri kwa nyumba yanga ku Lupaso, m'mawa wa Lachiwiri, ndikupita kukatsuka kapu imodzi. Kapu imodzi yokha. Ikanakhala ngozi ya minibasi bwenzi ndikuifotokoza mokweza mutu, koma ayi, zinali ndere. Amene anakhalako ku Mzuzu akuidziwa mvula yathu ya kumapeto kwa dzinja, ija yosagwa kwenikweni komanso yosaleka, yongowaza tsiku lonse mpaka simenti kumera ndere zobiriwira. Ndinali nditanena kangapo kuti ndikwechapo ndi burashi. Phazi lamanja linatsetsereka, lamanzere linatsala m'kangalande ka madzi, ndipo ndinamva kuti thyo, ngati wina wathyola phesi louma. Kapu ija sinasweke. Ndikumwerabe tiyi mpaka lero.

Anandipeza ndi aneba anga, mayi wa ku Nkhata Bay amene takhala mpanda umodzi zaka zoposa makumi awiri. Ndi munthu wamtali, wa mawu aakulu, woti chibadwire sanaphunzire kunong'ona. Akamakuuzani chinsinsi, Lupaso yense amakhala wamva. Anadutsa pa kampata ka mpanda atamva kubuula.

"Amama, mwachita uli apa?"

"Ndikupuma," ndinatero ine, poti pakamwa panga sipagona ngakhale pa ululu.

Sanaseke. Anayang'ana phazi langa, limene linali litaloza kumene phazi sililoza, ndipo anapita kukaitana galimoto.

Kuchipatala anandijambula mwendo nandionetsa chithunzi. Fupa limodzi linali litathyoka pamwamba pa kakolo, linzake litang'aluka. Anandiika chikhakha kuchokera ku zala mpaka kunsi kwa bondo, nandipatsa ndodo ziwiri za m'khwapa. Adokotala ake anali mwana ndithu, msinkhu wa ana amene ndinkawaphunzitsa sitandade faifi, koma anandilankhula mwaulemu ndipo ndinawamvera. Anati ndisaliponde phazilo mpaka atanena iwo.

Kuti mumve chimene chinandiopsa pambuyo pake, ndiyambe ndakuuzani kuti ine kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ndinabwera ndi malemu bambo a ana anga boma litawatumiza ku ofesi za kuno, ine n'kupeza malo pa sukulu ya pulayimale. Tinkati tikhala zaka zitatu. Tinamanga nyumba, tinadzala nthochi ndi mapeyala, ana anakula akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo zaka zitatu zija sitinaziwerengenso. Bambo awo atamwalira tinakawaika kwawo, ndipo zonse za maliro zitatha alongo anga aakulu, amene ndiwo mwini mbumba kwathu, anakwera basi kudzanditenga monga mmene zimakhalira. Ndinawagwadira n'kuwapempha kuti andisiye, poti ndinali pa ntchito ndipo ana anali pa sukulu. Alongo angawo si munthu waukali. Ndi mlimi wofatsa, wokonda kuseka, koma mawu ake amanena kamodzi.

"Chabwino, khalani," anatero tsiku limenelo. "Koma tsiku limene mudzalephere kudzisamala nokha ndidzabweranso, ndipo pamenepo sitidzakambirana."

Mawu amenewo ndinawaiwala kwa zaka zambiri. Ana anamaliza sukulu, wamkazi anakakhazikika ku Lilongwe, wamwamuna ku Blantyre, ine ndinapuma pa ntchito n'kutsala ndekha m'nyumba yanga, ndipo ndekhandekhamo ndinali pa mtendere.

Mwana wanga wamkazi anabwera nditangothyoka, anakhala sabata imodzi, ntchito n'kumuitana. Amene ananditenga m'manja ndi amayi a ku mpingo kwathu. Anagawana masiku: awa Lolemba, awa Lachitatu, awa Loweruka. Ankabwera masana ndi nthochi, mbatata, botolo la thobwa, ena ndi nkhuku yamoyo. Ankasesa, ankachapa, kenaka n'kukhala mozungulira bedi langa, kuimba nyimbo ziwiri ndi kupemphera. Ndikangoti ndidzuke, manja anayi anali atandigwira kale.

"Gonani amama, gonani. Ife tabwerera chiyani?"

Ndinene zoona, zinandikomera. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akutumikira ena, akamuuza kuti agone, amagona ndithu. Amayi amenewo ndimawathokoza mpaka lero, ndipo aliyense wowanena adzayambana ndi ine.

Tsiku lochotsa chikhakha ndinavala chitenje chatsopano, ndikuganiza kuti ndibwerako ndikuyenda. Atachidula, ndinayang'ana chimene chinatulukamo ndipo sindinachizindikire. Mwendo unali utaonda ngati mwendo wa mpando, khungu likusenda, pa kakolo pali gwa, osapindika ngakhale pang'ono. Ndinayesa kuponda, ululu unakwera mpaka m'mano. Ananditumiza kwa mayi wa mafizo, munthu wamfupi, wolankhula Chichewa chokoka cha kuno. Anagwira phazi langa m'manja mwake, kulipinda uku ndi uku, ine ndikuluma mlomo.

"Fupa lagwira makora, lagwira bwino," anatero. "Tsopano likufuna kulemedwa. Fupa losapondedwa limafooka, amama. Mwagona mokwanira."

Anandipatsa ntchito ya kunyumba ngati mwana wa sukulu. Kulemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi. Kukoka phazi ndi thaulo. Kugwira tebulo n'kumanyamula zidendene. Kuyenda m'nyumba, poyamba ndi ndodo ziwiri, kenaka imodzi. Anatinso fupa limamangidwa ndi zimene munthu akudya: tinsomba ting'onoting'ono todyera limodzi ndi minga, mkaka, masamba obiriwira, nyemba, komanso kukhala padzuwa.

Aneba atamva za tinsomba, nkhondo inayamba. Ine chiyambire usipa ndimaudula mitu, chifukwa mitu imawawa, ndipo ndi mmene anandiphunzitsira amayi anga. Anandipeza tsiku lina ndili pa mpando ndi lichero pamiyendo, mitu ndaiunjika pambali kuti ndipatse mphaka.

"Inu anthu a kumtunda muli ndi vuto chomene," anatero, manja ali m'chiuno. "Mankhwala mukupatsa pusi, inu mukudya makoko. Taonani mmene wanenepera pusiyo. Munamuonapo atathyoka mwendo?"

Kuyambira tsiku limenelo usipa wanga ankaphika ndi iwo, wochokera kwa abale awo, mitu ndi minga zili pomwepo, ndipo ankakhala pamaso panga mpaka nditamaliza. Anapezanso mayi wina wa ku Mzimba wogulitsa chambiko, mkaka wosasa uja, m'mabotolo. Chambiko sindinachikondepo, ndipo sindinayambe kuchikonda, koma ndinkamwa kapu imodzi tsiku lililonse nditatsina mphuno. Bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, zonsezo ndiye sizinandivute. Chovuta chinali dzuwa. Miyezi yozizira dzuwa la ku Mzuzu ndi louma manja, limangosuzumira n'kubwerera. Ndinkalisaka ndi mpando, m'mawa kukhonde, chakumasana kuseri kwa khitchini, ndipo likabisala ndinkalinyoza mokweza.

Ndinalimbikira, ndipo apa ndiye ndidzitame. Sindinadumphe tsiku. Pakutha pa masabata angapo ndinkayenda ndi ndodo imodzi kuchoka kuchipinda mpaka ku geti, ndinkadziphikira, ndinkasamba ndekha. Koma apa ndi pamene ndinachita chinthu chopusa, ndipo ndinachichita chifukwa cha ulemu.

Tsiku lina masana ndinakhala pakhonde ndikusankha nyemba. Anafika mayi wina wa ku mpingo wokhala ku Salisbury Lines, munthu wachikulire, atakwera njinga ya kabaza mtunda wonsewo, jumbo ya mbatata ili m'manja, buku la nyimbo lili m'khwapa. Atandiona nditakhala tsonga, nkhope yawo inagwa.

"Aa, kani mwachira? Ndiye ife tachedwa."

Anaima pamenepo osadziwa kuti jumbo aiike pati. Nyimbo imene anakonzekera inali ya pa bedi la wodwala, pemphero lakenso chimodzimodzi. Anakhala pang'ono, tinacheza zozizira, ndipo anapita ali ndi manyazi ngati abwera pa ukwati utatha. Zinandipweteka mumtima. Munthu wasiya ntchito zake kudzazonda wodwala, iwe akupeze ukusankha nyemba, ndiye kuti wamuuza kuti wavutika pachabe.

Choncho ndinapanga lamulo langa. M'mawa mafizo, kuyenda, kuphika. Masana ndikangomva "Odi" ku geti, ndodo m'manja, liwiro la kuchipinda, bulangete mpaka pachifuwa. Ndinafika pochita ukatswiri. Munthu asanamalize kutseka geti ine ndinali nditagona kale, ndi mawu omwe nditawafooketsa. "Odini, lowani." Ankalowa, ankaimba, ankapemphera, ankapita mitima ili mbee kuti agwira ntchito ya Mulungu. Ine ndinkadzuka n'kupitiriza kusankha nyemba zanga. Ndinkaona ngati ndachenjera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mwana wanga wa ku Lilongwe sankakhulupirira zimene ndinkamuuza pa foni. Amandidziwa kuti ndimabisa matenda, ndipo pamenepo sindingamutsutse. Ndiye sabata iliyonse akamaliza kulankhula ndi ine, ankaimbira amayi a pampando a gulu lathu la ku mpingo kuti amve zenizeni. Iwonso sananame. Ananena zimene maso awo ndi a anzawo ankaona: "Timawapeza ali chigonere. Ndi mawu omwe sakutuluka bwino."

Foni inalira Lamlungu lina chakumadzulo, dzuwa lisanalowe.

"Amayi, takambirana ndi amalume."

Anali mwana wanga wa ku Lilongwe, ndipo amalume ankawanenawo anali alongo anga aja.

"Akamaliza kugulitsa soya tibwera limodzi. Muzidzakhala kuno ndi ife. Nyumbayo tiikamo ana a ku yunivesite, ku Luwinga malo akusowa, ndiye siikhala yopanda anthu."

"Mwakambirana? Ine ndinali kuti pamene munkakambirana? Ndafa kodi?"

"Amayi, miyezi itatu muli pa bedi."

"Pa bedi ndani? Ndangochoka kumene kothirira mpiru."

"Amayi," anatero mofatsa, mawu aja amene anamwino amalankhulira odwala, "palibe chifukwa chobisira."

Ndinadula foni. Ndinapsa mtima moti ndinayenda kuchoka pabalaza mpaka ku khitchini n'kubwerera, ndodo nditaiwala pa mpando. Mkwiyo utatsika kunatsala mantha. Chipinda chimene ankandikonzera ndimachidziwa. Chili kuseri, zenera lake linayang'ana khoma la mpanda. Eni nyumba amachoka m'mawa, geti n'kukhomedwa, kubwera dzuwa litalowa. Ndi ana abwino, sakanandimana kanthu. Koma ndinadziona nditakhala pa bedi limenelo ndikudikira kuti wina abwere adzandifunse ngati ndadya, pamene kuno anyamata osawadziwa akumata zithunzi za osewera mpira pa khoma la chipinda chimene bambo a ana anga anamwaliriramo. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

M'mawa mwake ndinawafotokozera aneba. Ndinkayembekeza kuti andipepesa. Anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe.

"Mwaziyamba nokha, amama. Ine ndinkakuonani pa mpanda mukuthamangira ku bedi, ndinkati mayi awa mutu wayamba. Ulemu wanjiwo wodzigoneka wekha?"

Ndinawakalipira, koma ankanena zoona. Kuyambira tsiku limenelo alendo ndinkawalandirira pakhonde, nditaima. Amayi a pampando ndinawaulula zonse, ndipo atatha kugwira pakamwa anaimbira mwana wanga. Sizinathandize. Iye anati amayi awauza zoti anene. Ndinaimbira alongo anga, iwo anangoti, "Tidzaonana konko, achemwali," n'kuyamba kundifunsa za mvula. Mawu anali atatuluka kale, ndipo munthu uja sabweza mawu pa foni. Ankafuna adzaone ndi maso.

Ndipo ine ndinkadziwa chimene maso awo adzayang'ane. Sikuyenda ayi. Chikulire changa sindinawapatsepo moni alongo anga nditaima, ndipo sanadyepo m'nyumba mwanga madzi osamba m'manja atawapatsa munthu wina. Ndimagwada ndi beseni ndi jagi, ndimawathirira, akamaliza ndimadzuka ndi beseni lija n'kukataya madzi panja. Sanandilamulepo zimenezo, ndipo ana a masiku ano amaziseka, koma ndi mmene ine ndi iwo timadziwirana. Akanadzandipeza ndili pa mpando, beseni n'kubwera nalo mwana wanga, nkhani ikanathera pomwepo popanda wina kutsegula pakamwa. Ndinali ndi masabata atatu.

Tsiku loyamba ndinayesa ndekha, ndipo mwa matama anga ndinagwada pakati penipeni pa balaza, kutali ndi chogwira chilichonse. Kutsika kunatheka, ngakhale pa kakolo panakana kugona pansi ndipo panawawa ngati pathiridwa madzi otentha. Kudzuka ndiye kunakanika. Ndinayesa mwendo uwu, ndinayesa winawo, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Mapeto ake ndinakwawa mpaka pa sofa n'kudzikoka. Mayi wa zidzukulu zinayi, mphunzitsi wopuma, kukwawa pabalaza pake. Ndinakhala pa sofapo nthawi yaitali ndikuyang'ana khoma.

Nditapita ku mafizo ndinamuuza mayi uja zonse, ndikuyembekeza kuti andiuza kuti zogwadazo ndi zachikale, ndizisiye. Sanatero. Anakankhira mpando wake kumbuyo n'kugwada yekha pansi pa simenti, yunifolomu ili m'thupi.

"Taonani. Mwendo wabwino utsogole, phazi lonse ligwire pansi. Thupi lipite kutsogolo, mphuno ipitirire bondo. Ndiye mukankhe pansi ndi chidendene. Osadzikoka ndi msana. Muyambe ndi mtsamiro pansi ndi mpando pambali. Kenaka dzanja limodzi. Beseni ndi lomaliza, ndipo musayese muli nokha. Mukagwanso, tiyambiranso ku chikhakha."

Aneba anadzipereka kukhala alongo anga. M'mawa uliwonse ankabwera, kukhala pa mpando wa malemu, kutambasula miyendo ngati bambo, n'kukulitsa mawu amene anali aakulu kale.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Kumudzi mbuzi zonse zikupereka moni."

Sabata yoyamba ndinkadzuka nditagwira mpando ndi manja awiri. Yachiwiri dzanja limodzi, kenaka dzanja pa bondo langa lomwe. Ntchafu zinkanjenjemera, madzulo pa kakolo pankatupa, ndinkaika phazi pa mtsamiro n'kumadya usipa wanga wa mitu mwaukali. Titafika pa beseni tinayamba ndi louma. Kenaka madzi pang'ono. Aneba ndinawanyowetsa mapazi kanayi, kamodzi mpaka chitenje chonse, ndipo anati akanadziwa akanabwera ndi sopo. Kutatsala masiku awiri ndinadzuka ndi beseni la madzi katatu motsatizana. Kachinayi ndinalephera. Ndiye sindinganene kuti tsikulo linandipeza ndili wotsimikiza.

Alongo anga ndi mwana wanga anafika pa galimoto Loweruka dzuwa lili pamutu. Mwana wanga ndiye ankayendetsa. Pa mpando wa kumbuyo ndinaona makatoni opindapinda ndi chingwe cha sisalo, zolongedzera katundu wanga. Nkhope ndinaisunga. Ndodo yanga ndinali nditaiimika kuseri kwa chitseko, ndipo ndinawachingamira pakhonde m'manja mulibe kanthu. Alongo anga ndinali ndisanawaone zaka zitatu. Anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, atagwira chitseko, tsitsi lonse lili mbuu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Atakhala pa mpando wa malemu ndinapita kukagwada. Mwana wanga anati, "Amayi, musatero," akutambasula manja. Ndinamuyang'ana ndi diso lija ndinkayang'anira ana olongolola m'kalasi, ndipo anabweza manja ake. Tinapatsana moni, ndinafunsa za alamu ndi za kumudzi. Podzuka, mantha anandigwira ndipo dzanja linapita lokha pa mkono wa mpando. Ndinaona maso a alongo anga akutsatira dzanjalo. Ndinadziwa kuti aona.

Chakudya chitapsa, mwana wanga anatsogola kutenga beseni ndi jagi. Ndinamupeza pa khomo la khitchini.

"Bweretsa kuno."

"Amayi, chonde. Mwaonetsa kale."

"Nyumba ino ndi ya ndani?"

Anandipatsa. Ndinayenda mpaka pamaso pa alongo anga, ndinatsika bondo limodzi, kenaka linalo, beseni ndinaliika pansi pa manja awo n'kuyamba kuthira. Abale inu, munthu uja anasamba m'manja tsiku limenelo ngati wachokera kokumba dothi. Chala chimodzichimodzi, m'zikhadabo, kuseri kwa manja, sopo kawiri. Kaya ankachita dala kaya ndi ukalamba, sindinawafunse mpaka lero. Pa kakolo panayamba kuyaka. Madzi onse a m'jagi anathera m'beseni, ndipo linadzaza kuposa mmene tinkayesera ndi aneba.

Ndinaika jagi pambali. Ndinagwira beseni ndi manja awiri. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva kupuma kwa mwana wanga kumbuyo kwanga. Mwendo wabwino kutsogolo, phazi lonse pansi. Mphuno ipitirire bondo. Ndinakankha. Pakati pa njira ntchafu inanjenjemera ndipo madzi anathamangira mbali imodzi mpaka kukhudza mlomo wa beseni. Pamenepo mwendo wothyoka uja unayenera kulandira thupi lonse, ndipo unalilandira. Madzi anabwerera pakati. Ndinapezeka ndaima njo, beseni lili m'manja, pansi pali pouma.

Sindinayang'ane munthu. Ndinatuluka nalo panja n'kukathira pa tsinde la nthochi. Kumeneko ndinatsamira khoma. Pamwamba pa mpanda panali mutu wa aneba. Anali ataima pamenepo nthawi yonseyo. Ndinangokweza beseni lopanda kanthu kuti aone. Zaka makumi awiri ndakhala nawo, tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akunong'ona.

"Yewo, amama. Yewo chomene."

Tinadya. Panali nkhuku ya alendo, koma ndinaikaponso mbale ya usipa wa mitu, poti ine tsiku sindidumpha. Titamaliza, mwana wanga anakonza kukhosi.

"Amalume, nkhani ija."

"Nkhani iti?" anafunsa alongo anga akutokosa m'mano. "Ine anandiuza kuti kuno kuli wodwala, ndiye ndinabwera kudzamuona. Sindinamupeze. Kaya mwina iwe wamuona."

Mwana wanga anadzuka n'kupita ku khitchini. Ndinamutsatira ndipo ndinamupeza akulira pa sinki. Apo matama anga anatsika pang'ono. Anati miyezi yonseyi foni ikalira ankaganiza kuti ndagwanso ndipo palibe wondiona. Ndinamuuza za liwiro langa lothamangira ku bedi, mmene ndinkakokera bulangete, mmene ndinkafooketsera mawu, ndipo anaseka misozi ili m'masaya. Ndinamupepesa, chifukwa mantha akewo ndinawaphika ndine. Tinagwirizana kuti foni izikhala m'thumba langa ngakhale popita ku mpopi, kuti pa bafa aikepo chogwirira, ndi kuti ndikadwala ndizinena. Ndikudziwa kuti tsiku lina makatoni aja adzabweranso ndipo sindidzakhala ndi mawu. Koma silinali tsiku limenelo. Tsiku limenelo tinawatambasula n'kulongedzamo nthochi ndi mbatata zopita ku Lilongwe.

M'mawa mwake atamwa tiyi, mwana wanga anapita kukaliza galimoto. Pabalaza tinatsala awiri. Alongo anga anagwira mikono ya mpando kuti adzuke, anakwera pang'ono n'kubwerera pansi. Mpando wa malemu ndi wotsika. Anayesanso kachiwiri, maondo anakana. Anaseka kaseko kopanda mawu, maso ali pansi. Munthu amene ankandinyamula pa phewa powoloka mtsinje popita ku sukulu.

Ndinaima patsogolo pawo, mapazi onse awiri pansi, n'kuwapatsa mikono yanga. Anaiyang'ana kanthawi, kenaka anaigwira, ndipo ndinawadzutsa. Ndinapita kuseri kwa chitseko n'kutenga ndodo ija.

"Tengani iyi, achimwene. Ine ndathana nayo."

Anaitembenuza m'manja, anaigogoda pansi kawiri kuyesa mphira wa kunsi kwake.

"Usipa uja," anatero, "mwati mumadya ndi mitu yomwe?"

"Ndi mitu yomwe. Ndakuikirani m'katoni. Muwauze alamu asadule."

Anatsika masitepe a pakhonde ndi ndodo yanga, ine ndili pambali pawo chimanjamanja. Anabwera kudzatenga ine, anapita ndi ndodo. Ndinaima pa geti mpaka galimoto inakhota kulowera ku msewu waukulu. Kenaka ndinalowa m'khitchini, ndinatenga burashi ya waya ndi ndowa, n'kupita kuseri ku mpopi, kumene ndere zinali zitayambanso kumera pa simenti. Ndinagwada n'kuyamba kukwecha.